Katundu Akagulidwa Sabwezedwa: Mbiri ya Mawu a pa Khoma la Sitolo

Munthu aliyense amene anayendapo m'masitolo a mu Limbe, kuyambira cha kumsika mpaka ku Churchill Road, kapena amene anagulapo kanthu m'masitolo ondandalikana mu Haile Selassie Road ku Blantyre, sangalephere kukumbukira mawu amene kwa zaka zambiri akhala akulembedwa pa khoma kuseri kwa kauntala, pena pa kachikwangwani kolendewera pafupi ndi khomo, penanso kunsi kwa lisiti m'zilembo zing'onozing'ono zofuna maso a mwana, onena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa, ndi kuti ndalama ikalowa m'kabati siitulukanso. Mawuwa tawazolowera kotero kuti ambiri a ife timawayesa lamulo la boma, ndipo ena amawayesa mwambo wa malonda umene unalipo chilengedwere dziko. Koma amene angadekhe ndi kulondola mapazi ake adzapeza kuti ndi mlendo amene anafika pamodzi ndi sitolo, nakula pamodzi ndi mzinda, nakhazikika chifukwa kwa nthawi yaitali panalibe wolimba mtima womufunsa kumene akuchokera.

Mzinda wa Blantyre usanamangidwe, m'dziko ili la pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru munali kale malonda. Amang'anja anali odziwika ndi kusula makasu ndi nkhwangwa, kulima thonje ndi kuomba nsalu zawozawo. Mchere unkabwera kuchokera ku nyanja ya Chilwa ndi kuchigwa cha Shire. Ndipo Ayao, amene mafumu awo monga Kapeni anadzakhala m'derali, anali ndi maulendo ofika kugombe la nyanja yamchere, kumene ankabwerako ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. M'malonda a pakati pa anansi, wogula ndi wogulitsa anali anthu omwera chitsime chimodzi ndi oikana maliro, ndipo chinthu chachikulu monga mbuzi sichinkagulidwa mseri, koma pamaso pa mboni. Makolo anali nawo mawu akuti malonda ndi m'maso, kutanthauza kuti munthu amene wagula mbuzi yotsimphina, akuiona kuti ikutsimphina, asadzalire mawa. Koma chilema chobisika chinali nkhani ina, pakuti mbuzi ikafa m'masiku owerengeka ndi nthenda imene mwini wake ankaidziwa nangokhala chete, wogulayo ankatenga mboni zake napita kubwalo, ndipo akulu ankagamula kuti pabwezedwe chimene chinaperekedwa kapena paperekedwe mbuzi ina. Mlandu suola, ndipo wogulitsayo analibe kothawira, poti munda wake ndi manda a makolo ake zinali pomwepo.

Tisanamizane kuti anthu a nthawi imeneyo anali oyera mtima kuposa ife. Maulendo omwewo amene ankabweretsa mikanda ndiwo ankatenga ana a anthu kukawagulitsa ukapolo, ndipo mlendo wodutsa amene ananyengedwa pa malonda analibe bwalo lomumvera. Chimene chinkateteza wogula chinali chinansi, ndiko kudziwana, ndipo kumene chinansi chinkathera, chitetezonso chinkathera pomwepo. Mbiri yonse ya mawu a pa khoma aja ndi mbiri ya mmene kudziwanako kunachepera m'malonda, pamene china choti chilowe m'malo mwake chinachedwa kufika.

A mishoni a Church of Scotland anakhazikitsa Blantyre m'chaka cha 1876, ndipo patangopita zaka ziwiri, mu 1878, anthu achuma a ku Glasgow anayambitsa kampani ya malonda imene inadzatchedwa African Lakes, naiika m'manja mwa abale awiri, John ndi Frederick Moir. Nyumba yawo ya Mandala, yomangidwa mu 1882, ilipo mpaka lero. Cholinga chimene ankalalikira chinali chakuti malonda oyenera agonjetse malonda a akapolo, ndipo sitingakane kuti m'menemo munali choonadi. Koma pamodzi ndi nsalu ya merekani, imene poyamba inali ngati ndalama yolipirira amtengatenga ndi antchito, panafikanso chinthu chimene makolo athu sanachidziwe, ndicho thabwa lalitali lolekanitsa wogula ndi katundu. Kutsidya kwa thabwalo kunkaima kalaliki amene katunduyo sanali wake, amene sanamupange, amenenso analibe mphamvu yotsegula kabati ndi kubweza ngakhale kobiri limodzi. Mwini weniweni anali kutsidya kwa nyanja, munthu wopanda nkhope, wosaitanika kubwalo la mfumu iliyonse. Ndipo pamene boma la atsamunda linaika msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, ndalama yachitsulo inayamba kulowa m'mudzi uliwonse, ndipo njira zonse zinayamba kuloza kusitolo.

Komabe Limbe ndiye anaphunzitsa dziko lino kugula. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908. Kampani ya fodya ya Imperial Tobacco inamanga fakitale yake ku Limbe nthawi yomweyo. Ndipo tauni ya Limbe inakhazikitsidwa mu 1909. Amwenye, amene mkulu woyamba wa boma la atsamunda Harry Johnston anawalimbikitsa kubwera m'dziko lino, anatsegula masitolo awo m'mbali mwa misewu yake, ndipo kuchokera pamenepo anafalikira kulikonse kumene kunali msika wa thonje, fodya kapena chimanga. Kunena zoona, sitolo ya mmwenye inali pafupi ndi mtima wa munthu wamba kuposa sitolo ya mzungu: munthu ankaloledwa kugwira nsalu, kuitambasula ndi kuiyang'ana padzuwa, ankanenerera mtengo kwa ola lathunthu popanda wom'pirikitsa, ndipo pomaliza ankapatsidwa banyira, kaya ndi kamchere, singano kapena maswiti a mwana wa kumbuyo. Koma ubwenzi wonsewu unkathera pakhomo. Wogula anali wochokera ku Chiradzulu, ku Thyolo, ku Mulanje, kapena anali mtchona wotsika sitima kuchokera ku Joni kapena ku Salisbury ndi malipiro a zaka zambiri m'thumba, wofuna njinga, makina osokera, bulangete ndi galamafoni zoti akaonekere nazo kwawo. Ndipo munthu amene wayenda masiku awiri ndi katundu pamutu, akakapeza kumudzi kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, sankabwereranso, kapena akabwerera ankapeza kuti palibe womukumbukira nkhope pakati pa mazanamazana amene anadutsa m'sitolomo.

Kuti tiweruze molungama, tiyenera kuimanso kanthawi kutsidya kwa kauntala. Mwini sitolo yaing'ono naye ankatenga katundu pangongole kwa wogulitsa mopikulitsa; katunduyo anali atayenda miyezi kuchokera ku Manchester, ku Bombay kapena ku Japan, kudzera padoko la Beira; ndipo chinthu chikapezeka chowonongeka panalibe njira yochibwezera kwa amene anachipanga. Tsono aliyense pa mndandandawo ankakankhira chitayikocho kwa wa pansi pake, mpaka chinkafika kwa munthu wotsiriza amene analibe wina wom'kankhira, ndiye mayi wa ku Bangwe amene wagula mpoto wodontha. Mawu a pa khoma aja anali njira yotsimikizira kuti chitayikocho, chikatsika, chisakwerenso.

Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zonsezi lamulo loteteza wogula linalipo m'mabuku. Nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa Sale of Goods Act mu 1893, ndipo mwa chilamulo cha 1902 chotchedwa British Central Africa Order in Council, malamulo a ku England a nthawi imeneyo anayamba kugwira ntchito m'makhoti a dziko lino. Ngakhale kuti maziko akale a Angerezi anali akuti wogula achenjere yekha, lamulo la 1893 linavomereza kuti m'malonda muli malonjezo ena amene sayenera kuchita kunenedwa pakamwa: kuti katundu afanane ndi mmene wafotokozeredwa, kuti akhale woyenera kugulitsidwa, ndi kuti agwire ntchito imene wogula ananena kuti akum'funira, ngati wogulayo anadalira nzeru za wogulitsa. Malonjezowa akasweka, wogula anali ndi ufulu wokana katunduyo ndi kulandira ndalama zake. Koma lamulo lomwelo linasiya khomo lakumbuyo lotsegula, pakuti linalola kuti malonjezo onsewa afafanizidwe ngati ogulitsanawo agwirizana chotero. Ndipo amalonda, amene sagona tulo pa nkhani ya phindu, anaona kuti kachikwangwani kamodzi kopachikidwa poonekera kakwanira kutchedwa mgwirizano. Munthu wosadziwa kuwerenga Chingerezi ankayesedwa kuti wavomera mawu amene sanawamve.

Ndipo chinkana khomo lakumbuyolo likanatsekedwa, kodi ndani mwa agogo athu akanapita kukhoti la atsamunda chifukwa cha bulangete la masheleni ochepa, kumene mlandu unkayankhulidwa m'chinenero chachilendo, kumenenso malipiro a loya akanagula mabulangete a mudzi wonse? Pano ndiloleni ndipatuke pang'ono. Mu 1928, m'tauni ya Paisley ku Scotland, yosatalikirana kwenikweni ndi Blantyre uja kumene anabadwira David Livingstone, mayi wina wosauka dzina lake May Donoghue ananena kuti anapeza nkhono yowola m'botolo la chakumwa chimene mnzake anam'gulira. Mlandu wake unakwera mpaka kubwalo lalikulu la House of Lords, ndipo mu 1932 woweruza Lord Atkin, potengera funso lija la m'fanizo la Msamariya wachifundo lofuna kudziwa amene ali mnansi wa munthu, anagamula kuti wopanga katundu ali ndi udindo kwa aliyense amene adzam'gwiritse ntchito, ngakhale sanaonanepo. Taonani, makhoti a ku Britain anavutika zaka zambiri kuti afike pa chimene bwalo la kumudzi linkachidziwa kale, kuti wogula ndi mnansi; koma iwo anawonjezapo chimene bwalo la kumudzi linalibe, ndicho kuti ngakhale mlendo wakutali ndi mnansinso. Chigamulochi chimaphunzitsidwa kwa ophunzira malamulo athu mpaka lero, koma panapita zaka zambiri mphepo yake isanafike pa kauntala wa ku Limbe.

M'nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, pamene Blantyre ndi Limbe anaphatikizidwa kukhala tauni imodzi mu 1956, nkhani ya wogula wakuda inali isanafike n'komwe pa kubweza katundu. Inali idakali pa kulandiridwa ngati munthu. Akuluakulu amene anakula m'masiku amenewo amasimba za kuima pambali m'masitolo ena a azungu kufikira dona atamaliza kusankha. Kwa abale athu a ku Northern Rhodesia kunali mazenera apadera ogulitsirapo anthu akuda, kumene nyama inkaperekedwa yokulungakulunga kale, wogula osaiona, ndipo m'zaka za m'ma 1950 chipani cha Congress cha kumeneko chinatsogolera anthu a ku Lusaka ndi kumigodi kunyanyala mabutchala ndi masitolo otere. Munthu amene anakula akuthokoza kuti waloledwa kugula sakanaganiza zobwerera kukadandaula, ndipo mantha amenewa anawasiyira ana ake monga chuma chamasiye.

Ufulu wa 1964 unachotsa tsankho la pa kauntala, koma sunakhudze kachikwangwani. Lamulo lathu la Sale of Goods Act la 1967 linatengera kwambiri lija la 1893, pamodzi ndi khomo lake lakumbuyo. Boma la Dr. Kamuzu Banda linachitapo zambiri pa malonda, ndipo n'kulakwa kuziiwala: linaika mitengo yoikika pa zinthu zofunika pa moyo wa tsiku ndi tsiku, linabweretsa kwacha ndi tambala mu 1971, ndipo mu 1972 linakhazikitsa Malawi Bureau of Standards mumzinda womwe uno kuti izionetsetsa ubwino wa katundu. Masitolo a PTC anayamba mu 1973 pansi pa kampani ya Press, nayamba kupikisana ndi a Kandodo. Ndipo pofika 1978 amwenye anali atalamulidwa kuchoka kumidzi ndi kukachita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, chinthu chimene chinadzaza Limbe ndi masitolo, chikusiya mizere ya nyumba zopanda madenga m'misika ya kumidzi, ndi kutalikitsanso ulendo wa munthu wofuna kubweza kanthu. Boma limenelo linkayang'anira mtengo ndi sikelo m'malo mwa wogula, monga kholo liyang'anira mwana, koma silinam'patse wogulayo pakamwa. Ndipo m'dziko limene sitolo yaikulu inali ya kampani ya Ngwazi, ndi limene kudandaula pagulu kunali kudziitanira mavuto, munthu wanzeru ankanyamula wailesi yake yakufa nabwerera kunyumba mwakachetechete.

Kunja zinthu zinali zitayamba kale kusintha. Pa 15 March 1962 pulezidenti John F. Kennedy anauza nyumba ya malamulo ya ku America kuti wogula ali ndi ufulu wotetezedwa ku katundu woopsa, wouzidwa zoona, wosankha, ndi womveredwa; ndipo mu 1985 bungwe la United Nations linavomereza mfundo zotsogolera mayiko pa kuteteza ogula. Kwathu kuno mawu otere anadikira chaka cha 1994, chimene chinabweretsa ufulu wolankhula pamodzi ndi chigumula cha katundu. Mitengo inamasulidwa, kwacha inasiyidwa kuti iziyandama, mabelo a kaunjika anatsegulidwa pamsika uliwonse, mavenda anadzaza makonde a masitolo, ndipo amalonda athu enieni anayamba maulendo a ku Johannesburg, ku Dar es Salaam, ku Dubai, kenaka ku China, kubwerako ndi mawailesi, mafoni, nsapato ndi zipangizo za galimoto, zina zabwino, zina zongokhala sabata imodzi. Apa panaoneka poyera kuti kachikwangwani kaja sikanali ka mtundu umodzi wa anthu, pakuti Mmalawi atangotsegula sitolo yake anakapachika nayenso, ndipo pena anakalemba m'Chichewa kuti pasakhale wonamizira kusamva. Chaka chomwecho cha 1994 panabadwa bungwe la Consumers Association of Malawi, limene a John Kapito akhala akulitsogolera kuchokera mu Blantyre muno; ndipo kaya munthu amagwirizana ndi kalankhulidwe kawo kaya ayi, iwo ndiwo anazoloweretsa makutu a Amalawi kumva pa wailesi kuti wogula ali ndi ufulu.

Malamulo anatsatira, koma mwa kayendedwe ka kamba. Competition and Fair Trading Act inakhazikitsidwa mu 1998, ndipo mwa zina inaletsa wamalonda kudzichotsera udindo pa katundu wowonongeka, kumene kunali kutseka khomo lakumbuyo lija patatha zaka zoposa zana. Consumer Protection Act inabwera mu 2003, koma khonsolo imene lamulolo linalonjeza kuti idzaimira ogula inakhala zaka ndi zaka ili papepala pokha. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission nalo linayamba kugwira ntchito mokwanira, ndi antchito akeake, cha mu 2013, ndipo kuyambira pamenepo lakhala likuyendera masitolo, kulamula kuti mawu okana kubweza achotsedwe pa makoma ndi pa malisiti, ndi kubwezetsa ndalama kwa odandaula. Mu 2023 khoti lalikulu linagamula kuti pansi pa lamulo la 1998 bungweli linalibe mphamvu yolipiritsa chindapusa palokha. Ndipo nyumba ya malamulo inayankha ndi lamulo latsopano, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2024, lopatsa bungweli mphamvu yolamula kubweza ndalama kapena kusintha katundu, ndi yolipiritsa kampani yolakwa chindapusa chofika magawo 10 pa 100 alionse a ndalama zimene yapeza pa malonda m'chaka.

Koma tisapitirire malire a lamulolo, monga achitira ena amene amva theka la nkhani. Lamulo limaimira munthu amene wagulitsidwa chinthu chowonongeka, chosagwira ntchito yake, kapena chosiyana ndi chimene anauzidwa. Silikakamiza mwini sitolo kubweza ndalama kwa munthu amene wangosintha maganizo, kapena amene wapeza nsalu yomweyo yotsika mtengo pa sitolo yoyandikana. Eni masitolo ali nazo nkhani zawo, za suti yogulidwa Lachisanu, yovalidwa paukwati Loweruka, ndi kubwezedwa Lolemba ikununkhira mafuta, ndiponso za wailesi imene yapsa chifukwa cha kuzima ndi kuyaka kwa magetsi mwini wake n'kumalumbira kuti anaigula ili choncho. M'mantha a zoterezi ndi mmene munabadwira mwambo uja woyesera babu kapena ayironi pa kauntala, wogulitsa n'kunena kuti, “Mwaona nokha, bambo, ikuyaka.” Kuyesako n'kwabwino, koma kumangotsimikiza za chilema choonekera; foni imene yayaka bwino m'sitolo n'kuzima kosadzukanso patatha masiku atatu ili ngati mbuzi ija yodwalira m'kati, ndipo mphindi imodzi ya pa kauntala siingam'masule wogulitsa. Wogula naye ali ndi mbali yake, pakuti lamulo limayesa kuti munthu amene wasunga katundu nthawi yaitali osanena kanthu wam'landira, ndipo ufulu wake wom'kana umatha.

Masiku ano kukana kwenikweni kwachepa m'masitolo akuluakulu monga a ku Chichiri, kumene kuli tebulo lolandirira madandaulo. Chimene chachuluka ndi kukana kovala ulemu. Wogula amauzidwa kuti abwana kulibe, abwere mawa. Kapena kuti ndalama sizingatheke koma asankhe chinthu china cha mtengo womwewo, ngakhale alibe nacho ntchito. Kapena kuti chinthucho chatumizidwa kwa mmisiri, ndipo chimakhala komweko miyezi. Kuchedwetsa kotere si nkhani yaing'ono m'dziko limene ndalama imagwa mphamvu munthu ali mtulo: kwacha inatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100 mu May 2022, ndi magawo enanso 44 pa 100 mu November 2023, kotero kuti amene anabwezeredwa ndalama zake patapita miyezi itatu analandira mapepala omwewo, koma sakanathanso kugula chinthu chimene anabwezacho.

Mboni ya masiku ano ndi lisiti. Pamene bungwe lotolera msonkho la Malawi Revenue Authority linalamula mu 2014 kuti amalonda otolera msonkho wa VAT azipereka malisiti otuluka m'makina ake, cholinga chake chinali msonkho, koma wogula anapindula nawo mosayembekezera, popeza kapepalako kamanena dzina la sitolo, tsiku ndi mtengo, ndipo ndiko kamene bungwe lomva madandaulo limayamba kufunsa. N'chifukwa chake wamalonda wina amanong'oneza mitengo iwiri, wa lisiti ndi wopanda lisiti, ndipo wogula wokondwa ndi kuchotseredwa pang'ono amagulitsa mboni yake asanatuluke pakhomo. M'misika ya ku Ndirande ndi ku Limbe, kumene mavenda ambiri anasamutsidwira atachotsedwa m'misewu mu April 2006, lisiti silidziwika. Kumeneko wodandaula amapita kwa atcheyamani a msika, ndipo kawirikawiri amathandizidwa msanga kuposa wa kusitolo, popeza mwini benchi amadziwa kuti mawa adzakhalanso pa benchi lomwelo pakati pa anzake omwewo. Amene alibe pogwira ndi wogula wa pa foni, amene waona chithunzi cha nsapato pa WhatsApp kapena pa Facebook, natumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, nalandira phukusi kwa wanjinga pa depoti ya Wenela. Pakuti bungwe la boma, lisanaitane wamalonda kudzayankha mlandu, liyenera kudziwa dzina lake ndi kumene amapezeka, ndipo wodandaulayo nthawi zambiri amakhala ndi nambala ya foni yokha, imene pofika tsiku lodandaula imakhala itazimitsidwa.